Bana Chanda Anaba Wailesi ya Agogo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene agogo anga aamuna, a Tembo, anagwa ndi njinga m'ngalande kwathu ku Bwacha n'kuthyoka fupa la ntchafu, pamwamba pafupi ndi chiuno. Papita zaka zambiri, inenso imvi zayamba kundituluka, koma ndikakumbukira zimene zinatsatira ngozi ija mtima umandiwirabe. Sindikwiyira ngalandeyo, ngakhale galu amene anawadutsa kutsogolo. Ndimakwiyira chikondi cha m'nyumba mwathu, chimene chinatsala pang'ono kuwasiya agogo ali chigonere mpaka imfa.

Agogo anachoka ku Chipata ali mnyamata kudzagwira ntchito ya njanji kuno ku Kabwe, ndipo atapuma pa ntchito sanabwerere kumudzi. Agogo aakazi anali atamwalira kale. M'nyumbamo tinkakhala iwo, amayi anga omwe anali mwana wawo wachisamba, ine, ndi kamlongo kanga kakhanda. Agogo anali munthu wosadziwa kukhala pansi. Sitima ya m'mawa ikamalira amakhala atasesa kale pakhomo, kenako kuthirira repu kuseri kwa nyumba, kenako ulendo wa pa njinga wokagula makala ku Kamushanga. Kulikonse ankapita ndi wailesi yawo yakuda, yachogwirira chomanga ndi waya. Ankamverapo mpira, koma makamaka mauthenga a maliro a m'Chinyanja, kuti adziwe amene watsogola kwawo kum'mawa. Ine ankanditcha mkazi wawo, monga amachitira agogo ndi adzukulu, ndipo tsiku silinkatha osandiopseza kuti andisudzula chifukwa cha tiyi wozizira.

Kuchipatala anawang'amba n'kuikamo chitsulo. Tsiku lowatulutsa ndinatsagana ndi amayi kukanyamula mabeseni, choncho ndinamva ndi makutu angawa zimene ananena mayi wophunzitsa odwala kuyenda. Anati agogo aziimirira tsiku lililonse, aziponda pang'onopang'ono atagwira choyendera. Ananenetsa kuti zidzawawa, koma asaleke, chifukwa mwendo wa munthu wamkulu suchedwa kuiwala ntchito. Amalume anakawotcheretsa choyenderacho kumsika: miyendo inayi ya mapaipi ndi zogwirira ziwiri, chopakidwa utoto wobiriwira umene unali usanaume bwino.

Tsiku loyamba kunyumba agogo anayesa. Anagwira chitsulocho, anadzikoka, ndipo phazi litangoponda simenti anakuwa kukuwa kumene ndinali ndisanakumvepo kwa munthu wamkulu. Thukuta linali kamukamu. Amayi anagwetsa misozi pomwepo.

"Atate, gonani," anatero. "Ana muli nawo. Muzivutikila chani ise tilipo?"

Basi, kuyesa kunathera pamenepo. Choyendera chija chinatulutsidwa n'kukaimikidwa kuseri kwa nyumba, ndipo pasanapite nthawi chinasanduka choyanikapo matewera a mwana.

Musandimve molakwa, amayi sanali aulesi, ndipo vuto linali lomwelo. Ankawaphikira agogo phala lotendera, kuwachapira zofunda, kuwasambitsa m'manja ali pa bedi. Akamalowa kuchipindako ankagwada pakhomo. Amalume ankabwera kudzawasambitsa thupi n'kuwatembenuza. Zenera linatsekedwa kuti mphepo isalowe m'fupa. Pansi pa bedi panaikidwa chitini, ndipo wokataya ndinali ine. Agogo akangosuntha dzanja kuti atenge kapu, wina amakhala atawapatsa kale. Akafuna kukhala tsonga, amayi ankathamanga ndi pilo n'kumawachonderera kuti asadzivute. Nditawakumbutsa tsiku lina mawu a mayi wa kuchipatala uja, anandiyang'ana ngati ndatukwana.

"Bantu bazakamba chani," anatero, "bakaona atate bazikoka pa msewu monga balibe ana? Ufuna batiseke Bwacha yonse?"

Amayi a kutchalitchi kwathu ankabwera ndi makorona awo, kupemphera monong'ona, n'kutuluka akuyamikira. Ankati mwana wosamala kholo chonchi ndi dalitso. Amayi anga ankaweramitsa mutu modzichepetsa, koma ndinkaona kuti mawuwo akuwatsekemera. Palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa chifukwa chimene munthu woikidwa chitsulo kuti ayende anali asakuyenda.

Ine ndimene ndinkalowa kuchipindako kawirikawiri, ndipo ndinawaona agogo akutha ndi maso anga. Munkanunkha mankhwala opaka, mkodzo ndi mpweya wosasintha. Miyendo imene inkapalasa njinga yonyamula matumba a makala inafota n'kukhala ngati timitengo ta chinangwa. Anasiya kumeta ndevu. Anasiya kundisudzula. Tiyi akazizira ankangomwa osanena kanthu, ndipo zimenezi zinkandipweteka kuposa kukalipidwa. Ankagona atayang'ana kukhoma, wailesi ili pafupi ndi khutu, kumvera mayina a anthu omwalira ngati akudikira kumva lawo. Miyezi inapita ali momwemo, ndipo m'nyumba yense anazolowera kulankhula motsitsa mawu ngati pasiwa.

Kenako Bana Chanda, kutanthauza amake a Chanda m'Chibemba, anabwerako ku Kasama, komwe anakakhalitsa kosamalira mwana wawo amene anali atabereka. Anali mayi wamasiye wa Chibemba, wathupi, wamawu omveka kumsewu wachitatu, ndipo nyumba yawo inayang'anizana ndi yathu. Ankagulitsa tinsomba ta kapenta ndi chikanda pakhonde pawo. Kwa amene sanakulire ku Zambia ndifotokoze pang'ono. Angoni, womwe ndi mtundu wathu, ndi Abemba, makolo awo atatopa kumenyana ndi mikondo, anasandutsa nkhondoyo nthabwala, ndipo ubale umenewo timautcha chimbuya. Mbemba akhoza kunyoza munthu wa kum'mawa pagulu, kumulanda chipewa, kumuthira ufa kumutu pamaliro, ndipo wochitidwayo saloledwa kupsa mtima kapena kukasuma. Chimene angachite n'kubwezera basi. Iwo amatiseka kuti timadya mbewa, ife timawaseka kuti amadya anyani, amene iwo amawatcha kolwe, ndiponso kuti manja awo ndi aatali. Agogo ndi Bana Chanda anali atanyozana choncho kuyambira ine ndisanabadwe.

Analowa m'nyumba osaodira, osagwada, n'kulunjika kuchipinda. Choyamba anakankha zenera, kuwala kunalowa mpaka agogo anaphethira.

"Iwe Tembo! Baniuza ati wafa. Nabwela kutenga vintu vanga."

Agogo anangoti, "Mwabwelako," ndi mawu a munthu wotopa. Bana Chanda anaima kaye, kudikira chipongwe chobwezera, koma sichinabwere. Ndinaona nkhope yawo ikusintha pang'ono. Kenako anavundukula bulangete kumiyendo n'kuwomba m'manja.

"Ala! Miyendo monga ya mbeba zamene mudya!"

Anatambasula dzanja, kunyamula wailesi ija pafupi ndi khutu la agogo, n'kuipanira m'khwapa.

"Wakufa samvela wailesi. Ukaifuna ubwele weka na miyendo yako. Ukatuma mwana nizamubweza."

"Bana Chanda, napapata, ni odwala aba," anachonderera amayi.

"Odwala ndimwe. Uyu ni waulesi chabe."

Anatuluka nayo akuimba. Amayi anasowa mtengo wogwira, pakuti chimbuya sichiletsedwa, ndipo kukangana nacho n'kudzichotsa ulemu wekha. Ine za miyambo sindinasamale. Magazi anandithamangira kumutu. Munthu wodwala, watsala ndi kanthu kamodzi kokha komusangalatsa, wina n'kubwera kudzamulanda masanasana! Ndinadumpha msewu, ndinawoloka ngalande ya pakhomo pawo pa kathabwa kamene ankapondapo, n'kukaima pakhonde. Ndinawauza kuti ndi akuba, kawalala weniweni. Anaseka chikhakhali mpaka kugwira m'mimba.

"Waziba lelo? Yenda ukauze mwamuna wako abwele yeka."

Ndinabwerera ndikulira. Sabata imeneyo ndinawada Bana Chanda ndi mtima wanga wonse, ndipo ndikatumidwa kapenta ndinkalolera kuyenda mpaka kumsika.

Chimene ankachita ndi wailesiyo chinali nkhanza yoganiziridwa bwino. Ankaiika pakhonde, moyang'anizana ndi zenera la agogo, n'kuikweza moti mawu azimveka koma osamveka bwino. Tsiku la mpira, woulutsa akangoyamba kukweza mawu kuti mpira wayandikira pagolo, iwo ankatsitsa mpaka zii. Nthawi ya mauthenga a maliro ankalola kuti limveke dzina la mudzi, dzina la womwalirayo n'kulimeza. Kenako ankafuula kuti, "Tembo, wina wa kwanu wayenda! Ni ndani? Awe, naiwala."

Tsiku lachiwiri kapena lachitatu ndinamva chinthu chimene ndinali nditachisowa miyezi yonse ija: agogo akukalipa.

"Wakudya kolwe uja! Kawalala!"

Mawuwo anagwedeza nyumba. Amayi anathamangira kukawatonthoza, n'kunena kuti akabwereka wailesi ina kwa amalume. Agogo anakana kwamtuwagalu. Anati Mngoni wolandidwa chinthu ndi Mbemba sabwereka china, amakatenga chake, apo ayi adzasekedwa mpaka kumanda.

M'mawa wina amayi atapita kukaoda tomato, agogo anandiitana.

"Thandi, chisulo chija chili kuti?"

Ndinachotsa matewera, ndinapukuta fumbi, n'kuchikokera m'nyumba chikukwekwereza pa simenti. Anandiuza kuti ndichiponde kumunsi kuti chisaterereke. Anatsitsa miyendo pa bedi pogwiritsa ntchito manja, umodzi kenako unzake, ngati si yawo. Atadzikoka kuti aimirire anakukuta mano, mitsempha ya m'khosi inatuluka, mikono ikunjenjemera mpaka chitsulo chonse kulira. Anabuula. Mtima wanga unandiuza kuti ndinene zomwe ananena amayi zija, koma kutsidya wailesi inali kulira, ndipo agogo anali kuyang'ana kuzenera, osati kwa ine. Anaima kanthawi kochepa n'kudzigwetsa pa bedi ali wefuwefu. Atapezako mpweya anandiuza kuti tidzabwereza mawa lake: "Mailo futi. Ndipo tiyi wa lelo anali wozizila. Nizakusudzula." Ndinaseka misozi ikutsika.

Tinapitiriza choncho m'mawa uliwonse amayi akachoka. Poyamba kunali kuima chabe. Kenako phazi limodzi patsogolo. Kenako mpaka pakhomo la chipinda, komwe ankapumira atatsamira mphuthu. Ndikamva kuti nthawi yatha ndinkabwezera chitsulo kuseri n'kuyanikaponso matewera monga analili. Taganizani, munthu wamkulu, mwini nyumba, kuphunzira kuyenda mobisa ngati akuba m'nyumba yake yomwe! Tsiku limene anafika okha kuchimbudzi cha panja anakhalitsamo, ndipo atatuluka anandiuza kuti chitini chija ndikadzalemo maluwa.

Zinaululika tsiku limene amayi anabwerako msanga. Mwendo umodzi wa choyendera unakodwa pa chopondera cha pakhomo, agogo n'kutsetsereka pansi, chigongono n'kusupuka. Amayi anatipeza iwo ali pansi, ine ndikuwakoka mkono. Sanafunse kanthu. Anatsitsa dengu, anathyola nthambi ya mabulosi, n'kuyamba kundikwapula m'miyendo ndi kumsana.

"Ufuna kupha atate banga? Mfwiti ya mwana iwe!"

Ndakwapulidwapo kambiri pa moyo wanga, ndipo nthawi zambiri ndinkayenera. Koma chikwapu cha tsiku limenelo sindinachivomereze ndipo sindidzachivomereza. Ndinamenyedwa chifukwa chochita zimene a chipatala ananena, amayi ali pomwepo akumva.

"Leka mwana!"

Anali agogo, akadali pansi. Amayi anataya nthambi n'kuthamangira kuti awanyamule, koma iwo anakankha dzanja lawo.

"Osanigwila. Ndine ninamutuma. Iwe mwana wanga, unisamala bwino, siningakane. Koma ulemu wako wanidya miyendo. Ufuna niwolele pa bedi kuti bantu bakutamande?"

Amayi anabwerera m'mbuyo. Agogo anagwira mphuthu ya chitseko ndi dzanja limodzi, chitsulo ndi linalo, n'kuyamba kudzikweza. Zinatenga nthawi yaitali, ndipo ankabuula. Amayi anaima pambali manja ali pakamwa, akulira, koma sanawakhudze. Kuyambira tsiku limenelo choyendera chinkagona m'chipinda, matewera n'kubwerera pa chingwe.

Ulendo wa kutsidya unachitika Loweruka lina masana, nyengo yotentha ija mvula isanagwe, fumbi lili koboo minibasi zikamadutsa kumsewu waukulu. Agogo anameta ndevu, anavala jekete yawo yakale ya kunjanji ndi chipewa, ngakhale dzuwa linali loswa mtengo. Anatsika pakhonde chammbali, n'kuyamba kuwoloka: chitsulo patsogolo, mwendo wodwala, mwendo wabwino, kupuma. Zimene amayi ankaopa zija zinachitikadi, anthu anatuluka kudzaonerera. Ana anasiya mpira wawo wamapepala. Amayi a pampopi anatula ndowa. Amayi anga anaima kuseri kwa katani, osafuna kuonekera. Koma palibe amene anaseka. Bambo wina wodutsa anatsika pa njinga n'kuvula chipewa.

Amene ankanyoza anali mmodzi yekha, ali khale pakhonde, wailesi ili pamiyendo.

"Fulu uyu azafika Khisimisi! Endesha, iwe Mungoni!"

Ine ndinkayenda pambali, mtima uli m'mwamba chifukwa cha ngalande ya pakhomo pawo, pakuti kathabwa kaja sikakanakwana miyendo inayi ya chitsulo. Titafika ndinapeza kathabwako palibe. Panali patayalidwa chitseko chathunthu, chotsamiritsidwa bwino ndi njerwa mbali zonse. Ndinakweza maso n'kuona kuti pakhomo la khitchini ya Bana Chanda pakulendewera chiguduli. Sindikudziwa kuti anachizula liti chitsekocho, ndipo sanachitchulepo mpaka kalekale.

Agogo anawoloka. Atafika pakhonde anapeza mpando wautali bwino, wa munthu wovutika kukhala pansi, uli kale pamthunzi. Anadzigwetserapo, jekete yonse itanyowa. Amayi a pampopi aja anaimba nthungululu. Bana Chanda anawapatsa kapu ya munkoyo, chakumwa chonga thobwa, ndipo ndinaona ndi maso anga akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, akunamizira fumbi.

"Bweza wailesi yanga, kawalala," anatero agogo atamwa.

"Tenga." Anatsegula kumbuyo kwake, kuchotsa mabatire, n'kuwaponya m'thumba la epuloni. "Koma aya ninagula neka. Ukayafuna ubwele mailo."

Agogo anatukwana anyani onse a ku Kasama, ndipo mawa lake anapitanso. Mabatirewo anawatenga patapita masiku ambiri, chifukwa tsiku lililonse pankapezeka chifukwa china. Pofika nthawiyo anali atazolowera kale kukhala pakhondepo madzulo aliwonse.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pa nthungululu, koma sinathere pamenepo. Titabwerera kuchipatala, mayi wophunzitsa kuyenda uja anapinda mwendo wa agogo uku ndi uku, n'kupukusa mutu. Anati bondo ndi chiuno zinauma chifukwa chogona nthawi yaitali, ndipo sizidzapindikanso monga kale. Anafunsa chifukwa chimene tinachedwera. Amayi anayang'ana pansi. Agogo anadzasiya chitsulo n'kumayenda ndi ndodo, ankafika kutchalitchi ndi kumsika, anabwereranso ku repu wawo atakhala pa kampando. Koma pa njinga sanakwerenso, ndipo makala tinayamba kugula kwa odutsa. Zimenezo sanalandidwe ndi ngalande. Analandidwa ndi pilo, phala lotendera ndi kugwada pakhomo.

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti tsiku limene agogo analowa m'tchalitchi ndi miyendo yawo, amayi a makorona aja anazungulira amayi anga n'kumawayamikira kuti awadzutsa atate awo. Dzina la Bana Chanda silinatchulidwe. Amayi anakalamba akunenabe kuti mayi uja anali wabwino koma analibe ulemu, ndipo za chikwapu chija sanapepesepo.

Lero ndikumvetsa zimene sindinkatha kuzitchula ndili mwana. Amayi sankatha kupirira kumva atate awo akubuula, choncho anasankha kuti kubuulako kuleke, n'kuchitcha ulemu. Ululu umene ankauthawa unali wawo, koma amene analipira ndi mwendo anali agogo. Bana Chanda ankamva kubuula komweko kudzera pa zenera lija, kunkawapweteka chimodzimodzi, koma anakhala pakhonde n'kupirira nako mpaka munthu anawoloka. Pa anthu awiriwa, amene ankawaonabe agogo ngati mwamuna wamoyo anali wachipongweyo.

Tsopano mawondo anga ayamba kulira ndikamadzuka, ndipo ana anga ayamba kundilanda ndowa m'manja, ati amama pumulani. Ndimawakalipira, iwo n'kumadabwa kuti alakwa chiyani. Ndawauza kale, ndipo ndikulemba pano kuti pakhale mboni: ndikadzagwa, asadzandigwadire pakhomo. Adzanditsegulire zenera, adzandisiye ndibuule, ndipo ngati mitima yawo singapirire, adzapite kukandiitanira Mbemba.